Malire a Dimba Langa Anayendedwa Theka

Ndinadandaula koyamba Lolemba loyamba la mwezi wa Juni, zaka zitatu zapitazo, m'kalata ya masamba awiri imene ndinaipereka ndi dzanja langa kwa wapampando wa komiti ya madimba kuno ku Nyampande. Ndinadandaulanso mu Ogasiti chaka chomwecho. Kachitatu munali mu Janyuwale, mvula ili pakati, ndipo kalatayo inafika ku Petauke itanyowa ngodya imodzi ngakhale ndinaikulunga m'pepala la pulasitiki. Kufikira lero makalata akwana asanu ndi anayi. Iliyonse ndinailemba ndi kaboni pansi, ndipo makope ake ali m'bokosi lachitsulo pamodzi ndi matikiti a basi a maulendo amene ndayenda pa nkhaniyi. Mayankho olembedwa ndili nawo awiri. Onse ndi a mzere umodzi.

Nkhani yake ndi ya dimba langa, makamaka mbali ya kumunsi kumene kuli chitsime. Mbali imeneyo inachoka m'manja mwanga chifukwa cha pepala limene ndinasaina ndekha. Popanda chitsime, mbali ya kumtunda imene anandisiyira ndi fumbi lokha kuyambira Juni mpaka mvula, ndipo ine ndimadya za m'dimba, ndilibe china.

Kwathu ndi ku Katete. Ndinabwera kuno ndili mnyamata wa ndevu zoyamba, nditatumizidwa kudzakhala kalaliki wa pa sikelo ya thonje, ndipo ndinakwatira pamudzi uno n'kukhala chikamwini monga mwa mwambo. Pa sikelo ndinakhalapo zaka makumi atatu. Ntchitoyo inandiphunzitsa kusalemba nambala muvi wa sikelo usanaime, ndiponso kusasaina pepala lisanathe kulembedwa. Alimi ankandida nazo chifukwa mzere unkachedwa, koma panalibe amene anabwererako kudzanena kuti ndamubera.

Mwana wathu wachiwiri atabadwa, amalume a mkazi wanga anandiitana m'mawa wina n'kupita nane kudambo. Malowo panthawiyo anali a bango ndi misundu, ng'ombe zinkatitimira, ndipo panalibe munthu amene ankawafuna. Anandiuza kuti minda ya kumtunda ndi ya mbumba yawo, ine ndingolimamo, koma dambo ili ngati ndilithyola ndi khasu langa likhala langa mpaka imfa. Anachita monga amachitira kuno popereka malo. Anatsogola iwo, ine pambuyo, mboni zitatu pambuyo panga, ndipo mkazi wawo wamng'ono anasenza ana a khonje m'lichero. Pa ngodya iliyonse ankaima, kutchula malowo mokweza, n'kundiuza kuti ndibzale khonje ndi manja anga mboni zikuona. Ngodya zinali zinayi: pa mkuyu, pa chulu, pa mwala waukulu wa mumtsinje, ndi pa mtengo wa katope. Pepala panalibe. Nditafika kunyumba ndinalemba zonsezo m'kope langa, koma zolemba za munthu yekha zilibe mphamvu pa mlandu, ndimadziwa.

Chitsime tinakumba ndi mkazi wanga, zilimwe ziwiri zotsatizana, ine pansi iye akukoka chidebe cha dothi. Njerwa zomangira ndinaumba ndi kuotcha ndekha. Chili pafupi ndi katope, mapazi makumi awiri ndi asanu ndi limodzi kuchokera patsinde. Sichinaphwepo.

Mkazi wanga anamwalira ku chipatala cha Minga mu Febuluwale wa chaka chimene ndayamba nacho nkhani ino, ndipo tinamuika pamudzi pano. Patapita mwezi, mlamu wanga, mlongo wake wamng'ono wa malemuyo, amene dimba lake lili tsidya la mtsinje, anandipeza ndikuthirira repu. Anakhala pa chitsa, n'kuyamba za nyengo, kenako anati, "Alamu, kumunsi kuno ni kwa amai athu. Munali kulima chifukwa cha alongo anga. Lomba apita."

Ndinamuuza za amalume ake ndi za khonje. Anaseka pang'ono. "Ine ninali mwana. Sininaone." Sananame. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Tinagwirizana kuti komiti ya madimba idzayende malire. Inabwera Lachiwiri lina mu Meyi: wapampando, mlembi, ndi amayi atatu. Tinayamba pa mkuyu nthawi ya teni m'malo mwa seveni imene tinapangana. Ine ndi mlamu wanga tinatsogola, iwo pambuyo. Pa mkuyu panalibe mkangano, phata la khonje lili pomwepo, lalikulu ngati nkhokwe yaing'ono. Pa chulu chimodzimodzi. Kuchokera pa chulu malire amatsetsereka kulowa m'matope, kupita ku mwala wa mumtsinje, n'kukhota kutsata madzi mpaka pa katope. Mbali imene tinkakangana ndi imeneyo. Wapampando anaima pamwamba pa chulu, n'kuyang'ana matope, n'kuyang'ana nsapato zake. Zinali zakuda, zopukutidwa.

"A Tcheya, izo zidzafika ku mwala?" anafunsa mmodzi wa amayiwo.

"Izi zili ndi ulendo wina, amai. Ku Kalindawalo kuli chikwati cha mwana wa mlongo wanga, andiyembekeza."

"Vulani, tikusenzeleni pamutu."

"Mufuna muone zala zanga mukauze mudzi wonse?"

Anthu anaseka, ine ndinaseka nawo. Wapampando anati zotsalazo tidzatsiriza Lachisanu. Mlembi anakhala pansi, n'kuika pepala pa bondo, n'kulemba zimene tinaona pa mkuyu ndi pa chulu. Zinakwana theka la tsamba. Pansi penipeni pa tsambalo anajambula mizere iwiri, n'kunena kuti tisainiretu, malo a pakati awasiyira za Lachisanu, kuti zonse zikhale pa tsamba limodzi. Mlamu wanga anasaina msangamsanga n'kundipatsa cholembera.

"Sainani, a kalaliki. Kapena muyambe mwaliika pa sikelo?"

Ndinaona malo opanda kanthuwo. Anali otalika ngati chikhatho changa ndi theka. Ndinadziwa bwino lomwe zimene ndinkaphunzitsa anzanga a pa depoti ya thonje. Koma mkazi wanga anali asanathe miyezi itatu m'manda, ndipo anthu asanu ndi mmodzi anaima pamenepo onse anali a pamudzi pake. Ena mwa iwo anandiphikira pa maliro. Kukana kusaina kunali kuwauza pamaso kuti sindikuwakhulupirira. Ndinasaina, ndi tsiku lomwe ndinalemba pambali.

Lachisanu ndinavala mabutsu n'kukadikira pa chulu kuyambira sikisi mpaka dzuwa litapendeka. Sikunabwere munthu. Sabata yotsatira anati wapampando wadwala. Inayo anati mlembi wapita ku Chipata. Kumapeto kwa mwezi mlembi anandibweretsera kope la pepala lija, malo a pakati atadzaza ndi inki ina, yabuluu, pamene za pamwamba zinali zakuda. Panalembedwa kuti kuchokera pa chulu malire amabwerera molunjika ku mtengo wa mango wa pakati pa dimba n'kukathera pa mkuyu, ndipo kuti onse awiri agwirizana. Pansi pake panali dzina langa, m'zilembo zanga. Mango umenewo unamera wokha pamene mwana wanga anataya njere. Sunakhalepo malire a chilichonse.

Patangopita masiku awiri mlamu wanga anamanga mpanda wa nthambi za mthethe kuchokera pa chulu kukafika pa mango.

M'bokosi muli pepala limene ndinayeserapo kalata yoyamba. Ndimachita manyazi kuliona. Mzere woyamba ndinalemba kuti, "Mwakondera." Ndinafufuta. Ndinalemba kuti, "Mwayang'ana nkhope." Ndinafufutanso. Kenako, "Mwamva mbali imodzi," "Chigamulo n'choperewera," ndipo pomaliza, "Ntchito inasiyidwa panjira." Amenewa ndiwo mawu amene anapita. Ndinataya m'mawa wonse ndikusankha, ndipo ndinkadziwa chimene ndikuchita. Chinthu chosatha munthu amangobwera kudzachitsiriza, palibe amene amachita manyazi. Choperewera amawonjezerapo. Koma chokondera chiyenera kuphwasulidwa chonse, ndipo wina ayenera kuweramitsa mutu pamaso pa anthu. Ine ndine wobwera. Anthu amene ndikanawatchula okondera ndi omwewo adzakumba manda anga. Ndinasankha mawu ofewa, ndikuganiza kuti ndikuwatsegulira khomo lotulukira mwaulemu.

Yankho linabwera mu Julaye: "Nkhani inatha, onani siginecha yanu."

Ku Petauke ndinapita pa njinga. Ndinalowa maofesi atatu ndisanapeze yoyenera. Mmenemo ndinapeza mayi wa magalasi, waulemu, amene anandipatsa mpando n'kuwerenga mapepala anga onse osadumpha. Anatulutsa fomu.

"Bambo, apa pali mizele iwili, muchonge umodzi. Wapamwamba ni wakuti komiti siinatsilize ntchito. Wapansi ni wakuti komiti inakondela."

"Zonse ziwili n'zoona, amai."

"Fomu ilola umodzi chabe. Mukachonga wapamwamba, tiwalembela kuti akatsilize. Mukachonga wapansi, nkhani ichoka m'manja mwawo, koma mubwele ndi mboni."

"Mboni ya chiyani?"

"Ya malile akale. Munthu wamoyo, bambo, osati kope lanu ili."

Mboni zitatu za tsiku la khonje lija zinali zitamwalira, amalume nawonso. Ndinachonga wapamwamba. Ofesi inalembera komiti yomwe ija kuti ikatsirize. Komiti inayankha kuti palibe chotsala, pepala ndi lodzaza. Ndinabwerera ku Petauke, ndinachonganso wapamwamba, kalata inapitanso kwa omwewo. Yankho lachiwiri limene ndili nalo ndi la ulendo umenewo: "Onani kalata yathu ya mu Julaye."

Chaka chachiwiri mlamu wanga anagula pampu ya injini n'kuiika pa chitsime changa. Tsiku lina ndili pa chulu ndinaona paipi yabuluu ikutuluka pampanda, kudutsa pansi pa njira, n'kulowa m'dimba la wapampando. Ndinaitsata ndi maso. Inali ndi nthambi ina yopita kwa mlembi. Sindikudziwa ngati anapangana zimenezi tsiku la nsapato lisanafike kapena pambuyo pake, ndipo sindilemba chimene sindikudziwa. Ndikulemba kuti paipiyo ilipo, aliyense wodutsa pa njira ya kuchigayo amaiponda.

Ine madzi ndimatunga pa mjigo wa kusukulu. Zigubu ziwiri pa njinga, ndikukankha, chifukwa mawondo anga salolanso kupalasa ndi katundu. Ulendo umodzi umathirira bedi limodzi ndi theka. Ndinali ndi mabedi makumi awiri a repu, tomato ndi anyezi, ndipo amayi ogulitsa pamsika ankabwera okha kudzathyola. Chaka chatha anatsala asanu. Chaka chino atatu, ndipo limodzi lafota kale. Mu Seputembala ndinagwa ndi njinga potsetsereka, chigubu chinasweka, ndinakhala pansi ndikuyang'ana madzi akulowa mumchenga, pampu ija ikulira kumunsi. Mwana wanga wamkazi amene ali ku Lusaka amati ndisiye zonse ndipite kwa iye. Ali ndi chipinda chimodzi ndi ana anayi. Ku Katete amene ankandidziwa anatha. Manda a mkazi wanga ali kuno.

Amene anandikumbutsa za mayi wa lichero, mkazi wamng'ono wa amalume aja, anali mmodzi wa amayi atatu a m'komiti, yemwe uja ananena za kusenza nsapato. Tinakumana pa mjigo. Anandithandiza kukweza chigubu, ndipo osandiyang'ana anati, "Aja anasenza khonje akali moyo. Ali ku Nyimba kwa mwana wao. Ine simunanione." Ndinali nditamva kalekale kuti anamwalira. Sindinafufuze, ndipo limenelo ndi vuto langa.

Ndinapita mwezi watha. Njinga ndinaisiya kwa mnzanga ku Petauke n'kukwera basi. Ku Nyimba kunali kutentha kwa chigwa, ogulitsa nthochi akuthamangira mawindo. Ndinafunsa njira kawiri n'kupeza nyumba ya malata kuseri kwa tchalitchi china. Apongozi angawo anali pa mphasa pansi pa mtengo, atachepa ngati mwana. Mwana wawo, mayi wa zaka za m'ma fifite, anawauza m'khutu kuti kwabwera mlendo wa ku Nyampande. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinu aja a ku Katete, a pensulo pakhutu?"

"Ndine, apongozi."

"Mwakalamba moipa."

"Zaka, apongozi."

"Zaka tili nazo tonse. Inu ni nkhawa. Pensulo ili kuti?"

Ndinaitulutsa m'thumba, anaseka mpaka kutsokomola. Ndinawauza za imfa ya mkazi wanga, anali atamva. Ndinawauza za mpanda. Kenako ndinaika pepala pa bondo n'kuwapempha kuti anene za tsiku la khonje monga akukumbukira, ine ndilembe. Ndinasamala kuti ndisawatchulire malo alionse, chifukwa umboni wouziridwa si umboni. Ankalankhula Chinsenga, ine ndikulemba m'Chinyanja n'kumawawerengera mzere uliwonse.

Anayamba bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Pa mkuyu, anati, pamene njuchi inaluma amuna awo pakhosi, iwo n'kunamizira kuti sinawapweteke. Pa chulu, pamene anatula lichero chifukwa nkhata inamasuka. Pa mwala wa mumtsinje, pamene anatsuka mapazi, ine n'kuterereka n'kuda thalauza loyera limene anati munthu wanzeru sakanavala kudambo. Zonsezi zinachitikadi. Za thalauza ndinali nditaiwala.

"Kuchoka pa mwala tinapita kuti, apongozi?"

"Kuchoka pa mwala..."

Anayang'ana manja awo. Anati m'lichero munatsala mwana wa khonje mmodzi, akumuona, wopindika. Anati dzuwa linali apa, n'kuloza. Kenako anafunsa mwana wawo ngati mbuzi zamwa madzi. Kunyumbako kulibe mbuzi.

Tinadikira. Anagona pang'ono, atadzuka ndinafunsanso, anandifunsa kuti ndine yani. Madzulo ndinayesa kachitatu. Anabwereza mkuyu, chulu, mwala, mawu omwewo, n'kuimanso pomwepo.

Mwana wawo anandikokera pambali. "Bambo, mwachoka kutali. Lembani chabe. Ni pati?"

"Pa katope."

"Lembani katope, adzadinda chala. Ni zoona, si zoona? Ndani adzadziwa? Mailo sitidziwa ngati adzalankhula. Sabata yatha anakhala masiku awili osatsegula pakamwa."

Ndinayang'ana pepala. Panatsala malo a mizere isanu. Ngodya zitatu zokha sizindithandiza, chifukwa mzere wochokera pa mwala kubwerera ku mkuyu umasiya chitsime kunja ndi mapazi khumi. Mawu ofunika anali awiri okha, ndipo anali oona. Cholembera chinafika pa pepala, kadontho kake kalipo, aliyense atha kukaona. Ndinakhala choncho mpaka mayiyo anati, "Bambo, muli bwino?" Kenako ndinalemba kuti, "Apa mboni inalephera kukumbukira," ndipo ndinajambula mzere wopingasa pa malo otsalawo kuti wina asadzalembepo kanthu, ngakhale ine. Ndinatulutsa kabokosi kanga ka inki ya chidindo, apongozi anadinda chala, mwana wawo anasaina, n'kupukusa mutu.

Mu basi yobwerera sindinadzitame. Ndinadzitukwana kuyambira Nyimba mpaka pa mphambano ya Minga. Anthu anadzaza theka la tsamba ndi bodza n'kumwa madzi anga zaka zitatu, ine ndinalephera kudzaza mizere isanu ndi choonadi. Mpaka lero sindikudziwa ngati kumeneko kunali kulungama kapena kuuma mutu kwa ukalaliki. Ndikudziwa kuti dzanja linakana.

Mayi wa magalasi anawerenga pepalalo kawiri. Anati ndi loyera, koma umboni uyenera kutengedwa pamaso pa wa ofesi, ndipo galimoto yopita ku Nyimba imapezeka mwa apo ndi apo. Anati ngodya yachinayi ikufunikabe. Ndinamuuza kuti ngodya yachinayi ili ndi mboni yake yosalankhula: khonje amene ndinabzala pa katope. Ndikaima pa chulu ndimaona nsonga za masamba ake pamwamba pa udzu. Munthu akapita ndi khasu n'kufukula pambali adzapeza zitsa zakale pansi pa zatsopano, mibadwo ingapo, zofanana msinkhu ndi za pa mkuyu ndi pa chulu. Ulendo wake ndi wa mphindi khumi kuchokera pamene komiti inaimira. Ananditulutsira fomu ina. Nthawi ino ndinachonga mzere wapansi, ndinakanikiza mpaka pepala linabooka pang'ono. Anati adzandidziwitsa.

Sabata yatha ndinapeza mlamu wanga akukonza mpanda pafupi ndi chulu. Sitinayankhulane miyezi isanu ndi itatu. Ndi iye anayamba.

"Namva munapita ku Nyimba, alamu."

"Ninapita."

"Ambuya ali bwanji?"

"Afooka."

Anamanga nthambi ina, kenako anati, "Kumapeto kwa mwezi nibweletsa ng'ombe. Kumunsi konse nilima, niike nzimbe, kuyambila pa mwala mpaka pa katope. Nakuuzani kuti musadzati ninachita mobisa."

"Khonje uja mumusiye."

"Pulawo siidziwa khonje."

"Alamu, munali kudya m'nyumba mwanga. Nsapato zanu zoyamba ninagula ndine."

Anasiya mpanda n'kundiyang'ana. Sanakweze mawu. "Nikumbuka. Koma muwelenge ana amene ali pakhomo panga. Anga anai, a malemu mkulu wanga atatu, adzukulu awili. Inu muli mwekha. Amalume anapatsa mlendo malo a madzi osafunsa alongo ao, ndipo amai anafa akudandaula. Izo m'bokosi mwanu mulibe."

Mulibedi. Sindinadziwe kuti apongozi anga, mayi a mkazi wanga, ankadandaula, ndipo sindingathe kutsutsa kapena kuvomereza. Zonse ndalemba pano ndi za mbali yanga, monga ndinaonera ine, ndipo mlamu wanga atalemba zake mwina owerenga akanamumvera chisoni. Ana asanu ndi anayi ndawawerenga, alipodi. Ndikanafunsidwa mwaulemu ndikanamulola kuika pampu yake pa chitsime, madzi ndi okwana. Ndinamuuza zimenezo pampandapo. Anati pepala linatha kale, palibe chopempha.

Chimene ndikukana n'chakuti dzina langa likhale pansi pa mawu amene sindinawaone, ndiponso kuti mlandu ugamulidwe ndi anthu amene anaima pa chulu. Akayenda malire onse, akamva apongozi anga a ku Nyimba, akamva mlamu wanga ndi za amayi ake, kenako n'kunena kuti chitsime si changa, ndidzalandira, ndidzasaina nditawerenga, ndipo ndidzaona kolowera. Amati mlandu suwola. Koma mayi wa ku Nyimba sakudya bwino, mwana wawo anandiuza pa foni dzana, ndipo ng'ombe zapanganidwa kale. Pulawo ikadutsa pa katope sipadzatsala chilichonse choti munthu aone. Kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi.

Kalata yakhumi ndailemba lero m'mawa, ndipo ndikaipereka ndekha mawa ku ofesi ya ku Petauke. Gawo lake lomaliza ndi ili.

Ine mwini dimba la pakati pa mkuyu, chulu, mwala ndi katope, ku Nyampande, ndikupempha mwaulemu kuti ofesi yanu iletse kulima kulikonse kumunsi kwa mpanda kufikira nkhaniyi itamvedwa. Ndikupempha kuti munthu wa ofesi yanu apite ku Nyimba akamve mboni ikadali ndi mawu. Ngati galimoto palibe, basi imanyamuka m'mawa uliwonse ndipo ndidzamuperekeza. Ndikupempha kuti malire ayendedwe kuchokera pa chulu kukafika pa katope ndi anthu amene minda yawo siimwa madzi a chitsime chimenechi, mlamu wanga alipo ndipo akumvedwa mokwanira ngati ine. Ndaphatikiza makope a makalata asanu ndi anayi, mayankho awiri, pepala la inki ziwiri, ndi umboni wa ngodya zitatu. Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe molemba, ndi tsiku, siginecha ndi chidindo, mwezi uno usanathe.